Mboni za Paison

Pa Nsipe, kuseri kwa amayi ogulitsa kabichi, pali kaokala kopaka utoto wobiriwira, denga lake lopendekeka ngati chipewa cha munthu wochokera ku mowa. Mwini wake ndi Paison Kambalame. Amatchaja mafoni, amaikira anthu nyimbo, ndipo kwa zaka zingapo ndithu anali munthu wotchuka kwambiri m'boma la Ntcheu pakati pa anthu amene sanamuonepo nkhope. Ankamudziwira ku kulira kwa foni.

Paison anabadwira cha ku Tsangano, m'banja lolima kachewere. Khasu silinamukonde, naye sanalikakamize. Sukulu anafika nayo Folomu 4, masamu n'kumukhazika pansi, ndipo amalume ake atatopa kumuona akuothera dzuwa anamupezera ntchito yosesa m'shopu ina ya fotokope pa boma. M'shopumo munali kompyuta. Paison anaphunzira kutaipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga, ndipo m'menemo ndi m'mene anakumana ndi imelo: kalata yosafuna sitampa, imene ungailembe kamodzi koma n'kugwera m'manyumba chikwi. Akuti tsiku limene anazindikira zimenezi anaiwala tsache panja.

Atakwatira Jessie wa pa Nsipe anakhala pa chikamwini, nakhoma kaokala kaja, n'kugula laputopu yakale yosayaka popanda kuimenya kambama. Ntchito yake yeniyeni inali yolengeza malonda a anthu. Wogulitsa nkhumba, wokhoma mabokosi, sing'anga wobweza mwamuna wothawa, mwini sukulu yamkaka, onse ankabwera pa okalapo, Paison n'kuwalembera mawu okoma, n'kuwamwaza pa imelo, pa mauthenga a pafoni ndi m'magulu onse a pa watsapu amene anakwanitsa kuloŵamo. Manambala sankavutika nawo. Foni ikatsala pa okala pake kuti idye moto, inkabwerera kwa mwini wake itaulula abale onse, mpaka azakhali a ku Joni. Maadiresi a imelo ankatola pa makalendala, m'nyuzipepala zokulungira zitumbuwa ndi pa zitseko za magalimoto a mabungwe.

"Enanu mumabzala ngati chimanga, phando ndi phando," ankatero akakhuta tiyi. "Ine ndimafesa ngati mawere. Zogwera pamwala n'za mbalame."

Mwa makasitomala onse, wodyetsa banja anali mmodzi: Eric Mbalule wa ku Tsangano, mwini lole, wopikula kachewere. Chaka ndi chaka, nthawi yokumba ikayandikira, Paison ankamwaza mauthenga otsatsa kachewere wa Eric ku malo ogona alendo, ku sukulu zogonera komweko ndi kwa okazinga tchipisi kuyambira Lilongwe mpaka Limbe. Ntchito imodziyo ndiyo inkaphunzitsa ana ndi kugula feteleza. Zina zonsezo zinali zogulira mchere.

Zinthu zinayamba kupota Lachinayi lina, amayi a Mvano ali pa mapemphero. Wotsogolera pemphero anali mayi Esnath Nyoni, amene aliyense amangoti aNanyoni, mayi wopuma pa ntchito ya utaipisiti, wa magalasi omangirira kachingwe, woti amataipa ndi zala khumi kwinaku akukuyang'ana m'maso. Anali atangofika pamene amapempherera odwala, mawu akunjenjemera bwinobwino, pamene mafoni onse m'tchalitchimo analira pamodzi ngati achule a mvula yoyamba. Amayi ena anaganiza kuti ndi maliro. Mmodzi anatsegula diso limodzi, n'kuwerenga monong'ona, koma kunong'ona kwake kunamveka mpaka ku guwa: "Kodi nsikidzi zakusowetsani tulo?"

Pemphero lija linathera pomwepo. Ameni wake sanamveke.

M'mawa mwake aNanyoni anatulukira pa okala, ambulera m'khwapa.

"Ndinu a Kambalame?"

"Ndine ndemwe, mayi. Ya batani kapena yotsetsereka?"

"Sindinabwere kudzatchaja. Nambala yanga anakupatsani ndani?"

"Aa, mayi, nambala ili ngati dzina. Imayenda yokha."

"Ndiye iuzeni ibwerere kwawo. Ndipo imelo ya mpingo wathu yadzaza ndi nkhumba zanu."

"Kungofufuta basi, mayi. Chala chimodzi, fyuu, yapita."

ANanyoni anatsitsa magalasi. "Ndiye kuti munthu azidzataya zinyalala pakhonde panga, ine ntchito yanga ikhale kusesa?"

"Kusesatu kumalimbitsa thupi, mayi," anatero Paison, akuseka yekha.

Jessie, amene ankakazinga mandasi pambali, anadikira kuti mayiwo afike patali. "Bambo a Tracy, mano amenewo muwasunge. Mayi aja anachotsetsapo msungichuma wa kwaya ndi kalata imodzi."

Mwezi usanathe kunabadwa gulu lotchedwa Tisiyeni. Linalibe ofesi, linalibe yunifolomu. Chimene linali nacho ndi mndandanda wa manambala ndi maimelo a anthu otumiza malonda osapemphedwa, umene aNanyoni ankautaipa mwaudongo n'kuugawa kwa maadimini a magulu onse: a mipingo, a mabanki m'khonde, a makomiti a mijigo, a aphunzitsi. Anzawo akale a m'maofesi anawaphunzitsa kabatani kotumizira imelo ku dzala isanaoneke n'komwe. Pamwamba pa mndandandawo, malo a ulemu, panali Paison Kambalame.

Anasintha simu khadi. Anaipeza. Anasinthanso, anaipezanso. Manambala ake atsopano sankachedwa kuola, ngati tomato wa m'dzinja. Anayesa kuloŵa m'gulu la amayi oluka ndi dzina loti Selestina, koma anagwidwa tsiku lomwelo chifukwa Selestinayo, asanapereke ndi moni yemwe, anayamba kutsatsa matayala a njinga.

Makasitomala anayamba kuzimiririka mmodzimmodzi. Sing'anga uja ndiye anayamba, n'kumati mizimu yamuuza kuti abwerere ku zikwangwani za m'mitengo. Kenaka mvula ikupita kumapeto, Eric anaimika lole yake m'mbali mwa msewu osazimitsa injini.

"Achimwene, chaka chatha foni yanga inkatentha. Pano ndikumachita kuiyang'ana ngati yafa. Mauthenga anu akufika kuti?"

"Akufika, bwana, kungoti pali kamayi kena..."

"Ndamva za kamayi kanuko. Ine ndi mayiwo tilibe mlandu. Dzina lanu likachoka pa chipepala chawocho ndisanayambe kukumbitsa, ntchito ndi yanu monga kale. Apo ayi, kuli mnyamata wina ku Dedza. Kachewere sadikira munthu."

Ndi mmene Paison anavalira jekete la ukwati wake n'kukwera minibasi ya pa boma kukasuma. Anauza a khoti kuti mayi Nyoni amuipitsira mbiri, amuphera bizinesi, ndipo akufuna amuchotse pa mndandanda. Pamtima pake panali mfundo imodzi, imene ankaikhulupirira ngati katekisimu: anthu amawakonda mauthenga ake, wowatsekereza ndi mayi mmodzi wosowa chochita. Kalaliki anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti zimenezo akazinene yekha sizikwana, abwere ndi mboni.

Mboni? Paison anaseka. Anapopa njinga yake n'kuyamba kuyendera anthu khomo ndi khomo.

Woyamba anali a Benson Gama a ku Champiti, mkulu wa mpingo, munthu woti akatsokomola pa msonkhano anthu amakhala chete. Anamulandira bwino mlendoyo, kumupatsa mpando wa ndalema, iwo n'kukhala pa mtondo. Anafunsana za ana, za mvula, za mitengo ya feteleza, za mwendo wa mayi a kunyumba. Thobwa litafika pakati, Paison anaitula nkhani.

"Bambo, ndinene mosabisa. Kodi mauthenga anga aja amakusowetsani mtendere?"

"Aa! Ndani wanena zimenezo? Ndi pang'ono pomwe, mwana wanga. Mukutitsegula m'maso ife akumudzi."

"Ndiye mungakanene zomwezo ku khoti?"

A Gama anayang'ana nkhuku imene inkadutsa. "Mulungu akalola, bwanji osafika."

Kulikonse kumene anapita zinali chimodzimodzi. Mphunzitsi wina anati iye amachita kuwasunga mauthengawo. Mayi wina wa banki m'khonde anati tsiku likapita osalandira amaona ngati wadwala. Wokonza njinga anamuperekeza mpaka pa mlatho, akulumbira kuti nkhaniyi yamuwawa ngati yake. Paison anabwerera kunyumba njinga ikuyenda yokha.

"Palibe ndi mmodzi yemwe wakana," anauza mkazi wake.

"Munawafunsira kuti?"

"Kwawo. Maso ndi maso."

"Mutakhala pa mpando wawo, chikho chawo chili m'manja?"

"Nanga n'kanakhala pa denga?"

Jessie anatembenuza mandasi.

Chimene Paison sankadziwa, ngakhale kuti Nsipe yense ankachidziwa, n'chakuti aNanyoni nawo, samani itawapeza, anatenga ambulera yawo n'kuyenda njira yomweyo. Anakhala pa mpando wa ndalema womwe uja. Anamwa thobwa la m'chidebe chomwe chija. Ndipo a Gama, atafunsidwa ngati mauthenga a mnyamata wa pa Nsipe amawasautsa, anagwira kumutu n'kuti, "Mayi, mwachita bwino kubwera. Tatopa. Foni ikulira ngati mwana wa njala."

Tsiku la mlandu Paison anachita hayala minibasi yonyamula mboni zake. Inaima pa Nsipe kuyambira m'mawa, kondakitala akugona pa mpando wakumbuyo. Mmalo mwa anthu kunabwera mauthenga, ndipo aka kanali koyamba kuti foni ya Paison ilire kwambiri kuposa za anzake. Mphunzitsi anati kwabwera oyendera sukulu. Mayi wa banki m'khonde anati m'mimba mwawavuta. Wokonza njinga anali ku maliro a apongozi a msuweni wake ku Balaka. A Gama anati ng'ombe yathyola khola. Minibasi inapita pa boma ndi Paison yekha, atakhala kutsogolo ngati mkwati wothawidwa.

Pa khonde la khoti anapeza aNanyoni, nawonso ali okha, akuwerenga foni magalasi ali pa mphuno.

"Mboni zanu zili kuti, mayi?" anafunsa, pofuna kuwapsetsa mtima.

"Wina ng'ombe yathyola khola."

Paison anatsitsa mawu. "Ya a Gama?"

Anayang'anana.

Woweruza anali bambo wa imvi za m'mbali, wolankhula pang'onopang'ono ngati akusunga mawu ena a mawa. Anauimitsa mlanduwo. Tsiku lachiwiri lokumana, maliro anachuluka kuposa poyamba, moti woweruzayo anafunsa kalaliki ngati kwagwa mliri umene iye sanaumve. Kenaka analamula kuti mbonizo zilandire masamani, ndipo wosabwera adzachita kutengedwa. Uku n'kuti masamba a kachewere atayamba kufota m'minda ya ku Tsangano.

Ulendo wachitatu anabwera onse, atavala za pa Sabata, nkhope zili ngati opita kukazula dzino. Anadzazana pa benchi lakumbuyo, aliyense akukankhira mnzake kutsogolo. Woyamba kuitanidwa anali a Gama. Anagwira Baibulo ndi manja awiri, analumbira, n'kupukuta thukuta ngakhale kunja kunkazizira.

Paison anaimirira, n'kukoka jekete. Loya analibe, koma anali ataonerapo mafilimu okwanira.

"Bambo Gama, ndinabwera kwanu?"

"Munabwera."

"Munandiuza kuti chiyani za mauthenga anga?"

"Ndinati mukutitsegula m'maso."

"Zikomo. Ndatha, bwana." Anakhala pansi akumwetulira benchi lonse.

ANanyoni anaimirira osafulumira. "A Gama, ine kwanu ndinafika?"

"Munafika, mayi."

"Munati bwanji?"

A Gama anayang'ana kudenga, kumene kunalibe chowathandiza. "Ndinati tatopa."

M'khotimo munamveka kaphokoso ngati mphepo yoloŵa m'munda wa chimanga chouma. Woweruza anaika cholembera pansi.

"Bambo, mwalumbira. Mawu awiriwa, oona ndi ati?"

"Onse ndinanena ndine, bwana."

"Sindikufunsa amene ananena. Ndikufunsa oona."

"Bwana, mundimvetse. A Kambalamewa anapalasa njinga kuchokera pa Nsipe, zitunda zonse zija, n'kufika pakhomo panga thukuta lili kamukamu. Munthu wotero ungamuuze kuti ntchito yako imatinyansa? Abwerera bwanji? Mayiwanso anabwera wapansi, ndi msinkhu wawowu. Ndiwauze kuti mwavutikira chabe? Ife sitinaleredwe choncho. Mlendo amachoka ndi mawu oti ayende nawo."

"Chabwino. Lero simuli pakhomo panu, muli pakhomo panga. Mauthengawa mumawafuna kapena ayi?"

A Gama anacheukira Paison, anacheukira aNanyoni. Onse awiri adzakumana nawo ku maliro, ku msika, ku chigayo, mpaka imfa.

"Zimatengera tsiku, bwana."

Ngakhale wapolisi wa pakhomo anabisa nkhope m'chipewa.

Woweruza anapuma mozama, n'kusintha njira. Anati sakufunanso kumva zimene munthu ananena. Anafunsa a Gama ngati nambala ya Paison anaitsekera mu foni yawo, ndipo ngati anatero, anawakakamiza ndani.

"Kukakamiza ayi," anatero a Gama, mawu atatsika. "Mndandanda utabwera ndinapempha mdzukulu wanga kuti anditsekere. Komatu osati chifukwa cha udani. Batire, bwana."

Funso lomwelo linayenda pa benchi lonse. Mphunzitsi wosunga mauthenga uja anali atatseka kalekale. Mayi wodwala akapanda kulandira uja ndiye anali adimini amene anatulutsa Selestina m'gulu la oluka. Wokonza njinga anati iye anatseka mwangozi, maulendo onse amene Paison anasintha nambala. Aliyense poyankha ankayamba wapepesa, ena kwa Paison, ena kwa woweruza, wina mpaka kwa kalaliki.

Paison anaika manja pa mawondo. Sikuti anakwiya. Ankangowayang'ana anthuwo mmodzimmodzi, n'kumakumbukira maungu ndi nzimbe zimene anamumangirira pa kaliyala pomutsazika.

Chigamulo sichinatalike. Woweruza anati mayi Nyoni sananame polemba kuti Paison amatumiza malonda kwa anthu osawapempha, popeza mwini wakeyo sakukana. Anati palibe mboni yaonetsa kuti inaumirizidwa, ndipo munthu kutseka chitseko cha nyumba yake si mlandu, ngakhale amene wamuuza kuti kunja kuli fumbi ndi mnansi. Dandaulo analitaya. Anaonjeza, akuyang'ana Paison pamwamba pa mafaelo, kuti nkhani ya kumene amatenga manambala sinabwere pamaso pake, ndipo ndi bwino isadzabwere.

Panja, mboni zija zinamuzungulira Paison. A Gama anamugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Pepani, mwana wanga. Akulakwirani kwambiri. Limbani mtima." Ena onse anavomereza, akupukusa mitu mwachisoni. Atatha apo anawoloka bwalo mwa mzere kupita pansi pa mtengo pamene panaima aNanyoni, ndipo mphepo inabweretsa mawu a a Gama omwewo: "Mayi, mwatiombola."

Pobwerera anakwera minibasi imene Paison anaichitanso hayala, poti inali yolipiriratu. ANanyoni okha ndiwo anakana, n'kunena mosazungulira kuti sakwera galimoto ya munthu amene anawasumira. Paison anapeza kuti mwa mawu onse a tsikulo, amenewo ndiwo anamukhalako bwino m'khutu.

Lole ya Eric inaima pa Nsipe kumapeto kwa sabata yomweyo, matumba opanda kanthu ataunjikidwa kumbuyo, kupita kokakumbitsa. Ulendo uno anazimitsa injini. Anatsika, anapereka moni kwa Jessie, anagula mandasi, anafunsa za sukulu ya Tracy, n'kukhala pa benchi la pa okala ngati munthu wopanda kopita.

"Ndamva za ku khoti, achimwene. Zachisoni. Anthu ndi oipa."

"Zinachitika, bwana. Nanga za chaka chino?"

"Aa, inu ndi ine tinachokera kutali. Ndingakutayeni ine? Ingondipatsani mpata ndione kaye mmene zinthu zilili ku mundaku. Ndikuimbirani."

"Mundiimbira."

"Ndithu. Musadere nkhawa ndi pang'ono pomwe."

Paison anamuperekeza mpaka pa chitseko cha lole, anamufunira ulendo wabwino, anaimika dzanja mpaka galimotoyo itazimiririka pa kona. Atabwerera, Jessie anamuyang'ana.

"Akuti bwanji a Mbalule?"

"Akuti ntchito yapita ku Dedza."

"Anena choncho?"

"Anena bwinobwino."

Madzulo a tsiku lomwelo anapita kwa mlamu wake kukafunsa ngati dimba la banja lawo la kumtsinje likadali lopanda wolima. Mlamuyo anati aa, n'lanu lomwe lija, bwanji osalima, ndipo Paison anamufunsa katatu, m'njira zitatu zosiyana, asanapite kukagula mbewu ya anyezi.

Okala ikadalipo. M'mawa amakhala ku dimba, masana amatchaja mafoni, ndipo anthu amati masiku ano foni imabwerako ndi zinsinsi zake zonse, ngakhale ena amachotsabe simu khadi poisiya. Dzina lake likadali pa mndandanda wa Tisiyeni, koma linatsika, lili pa nambala yachisanu ndi chiwiri. Pamwamba pali mnyamata wa ku Dedza.